A Sunthani Adzaza Bedi

A Sunthani anagwira ntchito pachitseko cha minibasi kuyambira ali mnyamata wopanda ndevu mpaka mutu wonse unayera, ndipo pa zaka zonsezo sanasiyepo munthu pasiteji. Zimenezi ankazinena okha, akudziguguda pachifuwa. Galimoto ikadzaza mpaka matayala kuoneka ngati aphwa, wina n'kukweza dzanja m'mbali mwa msewu, iwo ankamenya denga kuti dalaivala aime, kenako n'kusuzumira mkati: sunthani amayi, sunthani achimwene, mwanayo akhale pamiyendo, dengu lipite kunsi kwa mpando. Anthu ankadandaula, ena kutukwana, ena kutchula Mulungu, koma ankasuntha. Dzina lawo lenileni linatayikira pomwepo. Ngakhale malemu akazi awo, akapsa mtima, ankawaitana kuti Sunthani.

Chinawatsitsa m'minibasi ndi bondo. Bondo lakumanja, lomwe ankakankhira chitseko kuti chitsekeke, linatupa tsiku lina n'kukana kuphwa. Mwana wawo wamkazi, namwino wa pachipatala chachikulu, anawatenga kuti azikhala naye. Nyumbayo inali ya zipinda ziwiri zogona, chachikulu cha iye ndi mwamuna wake, chaching'ono cha a Sunthani, ndipo zonse zinkayenda bwino mpaka namwino uja anayamba kuoneka kuti ndi woyembekezera. Posakhalitsa mwamuna wake anabwera ndi katoni yaikulu yojambulidwa kabedi ka mwana, n'kuitsamiritsa kukhoma m'kolido, pafupi penipeni ndi chitseko cha a Sunthani. Munthu amene wakhala akuwerenga mipando moyo wake wonse safunika kumuuza. Zipinda ziwiri, anthu atatu, wachinayi ali m'njira, ndiye kuti wina atsika.

Kotsikira ankakudziwanso. Anali ndi mwana wamwamuna kutawuni ina yakutali, wokhala pamwamba penipeni pa nyumba yosanjikizana, kopanda bwalo, kopanda mtengo, masitepe okhaokha. Mkazi wa mwanayo ankatsatira alendo pambuyo ndi chokolopera. Munthu wa bondo lotupa akakwera kumeneko satsikanso, ntchito yake imangokhala kuyang'ana madenga a anthu pawindo. Tinene zoona, a Sunthani ankaopa, ndipo ankaopa kwambiri.

Anaganiza kuti munthu wothandiza satsitsidwa msanga, choncho anayamba kuthandiza. Anayamba ndi filiji. Anaona kuti muli malo ambiri ongowonongeka, mapoto akukhala motayana ngati mabwana, ndiye analongedza bwinobwino, mabotolo chogona, mazira m'makapu, zotsala za dzulo pamwamba pa zotsala za dzana, n'kutseka ndi bondo labwino lija. Namwino atatsegula madzulo, filiji inamusanzira zonse pamapazi. A Sunthani anapita kukabati ya zovala, komwe anakwanitsa kulowetsamo mabulangete onse, nsapato, ambulera ndi simbi yositira, moti kuti munthu atenge sokosi ankayenera kuitana mnzake womugwirira chitseko. Atatha apo analowa m'bokosi la zida za mkamwini.

Mkamwini ameneyu anali woyala matailosi, munthu wa mawu ochepa ngati kuti akamalankhula pakhosi pamamupweteka. M'matumba mwake munkakhala timitanda tapulasitiki tomwe amaika pakati pa matailosi kuti mipata ifanane, ndipo khalidwe limeneli ankabwera nalo kunyumba: mbale patebulo ankazisiyira mpata, nsapato pakhomo mpata, ngakhale misuwachi m'bafa sinkakhudzana. A Sunthani sankadziwa zomwe munthuyu amaganiza. M'mawa uliwonse ankalonjerana mwaulemu wonse, mwadzuka bwanji bambo, ndadzuka bwino kaya inu, kenako aliyense n'kumayang'ana khoma lake. Tsiku limene anapeza zida zake zonse zitapanikizidwa m'bokosi limodzi, pamodzi ndi masipuni ndi waya wa wailesi, mkamwini anaima nthawi yaitali akuyang'ana. Kenako anati zikomo, n'kutuluka.

Loweruka lotsatira kuseri kwa nyumba kunamveka kukhoma misomali. Kuseriko kunali kabwalo kakang'ono ka simenti, chingwe choyanikapo zovala, mpopi ndi mpanda wa njerwa. Pofika masana pakati pa kabwaloko panali pataima bokosi la matabwa, lalitali ngati chitseko chogonekedwa pansi, msinkhu wofika m'chiuno, lodzaza dothi lakuda losakaniza ndi manyowa. Mkamwini anaika levulo yoyezera kuwongoka pamwamba, anayang'ana kadontho ka m'kati mwake, anakhutira.

"Bambo, bedi ili ndi lanu. Simuzifunika kuwerama. Mudzalemo ndiwo, mitundu inayi kapena isanu, basi."

Namwino, yemwe ankaonerera pawindo la khitchini, ankadziwa kuti cholinga n'chakuti bambo ake atalikirane ndi makabati. A Sunthani sanaone choncho. Kwa iwo amenewa anali mayeso. Bedi likabereka, nyumba ikamadya za m'manja mwawo, ndani angathamangitse munthu wodyetsa banja? Anathokoza ndi manja awiri, n'kulonjeza kuti m'nyumba muno simudzalowanso ndiwo zakumsika.

Lolemba m'mawa anavala jekete, n'kukankha wilibala kupita kunazale ya kumapeto kwa msewu, kumene mayi wina wa chipewa chachikulu ankagulitsa mbande m'timachubu takuda. Mayiyo anafunsa kukula kwa bedi, iwo anatambasula manja kuonetsa. Anafunsa ngati pamawomba dzuwa tsiku lonse, ndiponso kuti kunyumbako amakonda kudya chiyani. Mafunso abwino ndithu. Kenako anawalangiza kuti tomato atenge mitengo itatu, yotalikirana ngati mkono, anyezi mzere umodzi m'mphepete, repu pang'ono. Tsabola mtengo umodzi umakwanira banja lonse ndi alendo omwe. Karoti ndi wofesa, ndipo akamera pamafunika kupatulira, kutanthauza kuzula ena kuti otsalawo apeze ponenepera. Maungu ayi, m'bedi ngati limenelo ayi. Minti, katsamba konunkhira kothira mu tiyi kaja, aikidwe m'chitini chakechake, kutali, chifukwa akalowa m'bedi satulukamo.

A Sunthani ankangovomera ndi mutu koma maso anali kwina. Mbande zija zinali m'mizere pansi pa mthunzi, zonse zili chiimire, zonse zikuyang'ana kumsewu. Mtima wawo unagunda ngati kale. Imeneyi si siteji kodi? Anatenga zomwe mayi uja ananena n'kuika mu wilibala, ndipo wilibalayo inaoneka yopanda kanthu, manyazi enieni, galimoto kunyamuka ndi anthu anayi. Kumapeto kwa mzere kunali bilinganya limodzi lofota, masamba ali lende, lomwe ogula onse ankalidumpha. Analiyang'ana, nalo linawayang'ana. Analikweza.

Akakweza mmodzi, enawo angawasiye bwanji akuona? Anakweza dzungu, kabichi, letesi, nkhaka, therere, adyo, nyemba zoyanga, mpungabwi wothamangitsa udzudzu, ndi tsabola mitengo isanu ndi umodzi chifukwa inali pamodzi ngati banja ndipo banja sililekanitsidwa paulendo. Mayi uja atafunsa ngati ali ndi mabedi ena, anayankha kuti limodzi lomwelo, koma iye asadandaule, iwo akudziwa kaikidwe kake. Anamufotokozera mwachifundo, monga munthu wodziwa amafotokozera wosadziwa. Tomato ndi bambo wonenepa wokonda kutangadza miyendo, amangofunika kumuuza mwamphamvu. Anyezi ndi ana asukulu, amakhala pamiyendo. Karoti ndi katundu, amapita kunsi kwa mpando, ndipo katundu salira malo. Nkhaka zilendewera pachitseko. Dzungu lipita kumpando wakumbuyo, kumene amakhala anthu otsika komaliza. Koma minti, kamunthu kooneka bwino chonchi, kaukhondo, konunkhira, kakakhale kokha m'chitini ngati kali ndi matenda? Ayi, kameneka kakhala kutsogolo, pafupi ndi dalaivala.

Mayi wa chipewa anangowapempha kuti wina akadzafunsa komwe anagula, asadzatchule nazale yake.

Anawokera tsiku lonse. Pomwe panali mpata wolowa chala anaikapo kanthu, pomwe panalibe anapanga. Karoti anamuwaza paliponse, paketi yonse, kuti adzipezere yekha pokhala. Atamaliza anathirira ndi kheni, anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kumenya thabwa kawiri ndi chikhatho monga ankamenyera denga. Mkamwini pobwera kuntchito anafika kuseriko, anayang'ana bedi, dzanja lake linalowa lokha m'thumba momwe munali timitanda tija, koma analitulutsa lopanda kanthu. Anati mwagwira ntchito bambo, n'kulowa m'nyumba.

Masabata oyamba, abale, bedi linakongola. Kubiriwira kokhakokha, dothi osaoneka. A Sunthani ankadzuka m'mamawa kukalonjera anthu awo, kuwafunsa ngati agona bwino, kudzudzula tomato kuti aleke kugogoda mnzake ndi chigongono. Mayi wa nyumba yoyandikana, yemwe ankakwera pa ndowa kuti asuzumire pampanda, anayamikira kwambiri, ndipo tsiku lina anawapatsira timbande ta sipinachi tomwe tinamutsalira. Akanakana bwanji munthu atakweza kale dzanja? Anakankha letesi, anapinda anyezi, sipinachi analowa. Masiku amenewo ankadutsa katoni ya m'kolido ija akuimba mluzu.

Koma ulendo wa minibasi umatha, anthu n'kutsika, aliyense kukawongola miyendo kwawo. Apa panalibe wotsika. Onse ankangokula, pamalo omwewo, usana ndi usiku, ndipo chimenechi a Sunthani anali asanachiganizire.

Woyamba kuonetsa khalidwe lake anali minti yemwe ankamukhulupirira uja. Pamwamba ankaoneka waulemu, koma pansi pa dothi anali atatumiza mizu mbali zonse. Anatulukira pakati pa anyezi, anatulukira kumbuyo kwa kabichi, anatulukira m'ming'alu ya matabwa, mpaka wina anatulukira panja penipeni, pasimenti, pafupi ndi mpopi. Ukazula pano mawa wamera apo ndi abale ake. A Sunthani anakhumudwa ngati munthu amene waberedwa ndi wovala taye. Dzungu nalo silinakhale kumpando wakumbuyo. Linadzuka, linayenda pamitu pa anzake, linaphimba letesi ndi masamba ake aakuluwo mpaka letesi anasanduka wachikasu, kenako linagwira chingwe choyanikapo zovala. M'mawa wina namwino anapeza yunifolomu yake itagwidwa pakolala, ndipo anachedwa kuntchito akukambirana ndi dzungu. Nyemba zinakwera tomato, nkhaka zinakwera nyemba. Tomato, pofuna dzuwa, anatalika kuposa a Sunthani, woonda, wamasamba okhaokha, maluwa akungoyoyoka. Bilinganya lofota lija silinafe komanso silinakule, linangokhala momwemo, likuwayang'ana.

A Sunthani anachita zomwe ankadziwa. Ankaima pambali pa bedi m'mawa n'kumalamula kuti sunthani, inu a kabichi sunthani pang'ono, inu a therere miyendo mkati. Anamanga ena ndi zingwe za nsapato, ena anawatsamiritsa pa ambulera yakale. Namwino anawauza kangapo, mofatsa, kuti bambo zulaniko zina. Iwo anamufunsa kuti azule uti, walakwa chiyani, ndipo kodi iye kuchipatala amatulutsa odwala pawindo mabedi akachepa? Namwino anali wotopa, miyendo itatupa, msana ukupweteka, ndipo sanafune mlandu. Anangoti chabwino bambo.

Dzungu linabereka ndithu, limodzi, lalikulu bwino. Kungoti linakaberekera kuseri kwa mpanda, kwa mayi wa pandowa uja. A Sunthani atapita kukalifunsa, mayiyo anawalandira bwino, anawapatsa mpando, n'kuwafotokozera kuti dzungulo linabwera lokha, palibe analiitana, lakhala likugona padenga la khola la nkhuku zake mwezi wathunthu osapempha, ndipo panopa analidya kale theka. Anawayamikira kuti linali lokoma.

Nkhani yoti mwana wawo wamwamuna akubwera Lamlungu kudzacheza inawapeza ali m'mavuto amenewa. Sanafunse kuti akudzatani. Mwana amene amaimba foni pakapita miyezi sangakwere basi ulendo wonsewo kudzangoona nkhope za anthu. Analengeza kuti chakudya cha masana tsiku limenelo ndiwo zake zichokera m'bedi, zonse, ndipo wina asayerekeze kupita kumsika. Ankafuna kuti mwanayo adye, akhute, aone yekha kuti bambo ake pano ndi munthu wofunika.

Lamlungu m'mawa analowa m'bedi ndi beseni lalikulu. Anayamba ndi katundu wa kunsi kwa mpando. Karoti woyamba anatuluka wowonda ngati mchira wa khoswe. Wachiwiri anatuluka atakulungana ndi anzake atatu, osatheka kuwamasula, ngati anthu omwe galimoto yawakhotera mwadzidzidzi. Anyezi anali masamba okha, kunsi kulibe mutu. Kabichi wamkulu pa onse ankakwana m'dzanja n'kufumbata. Nkhaka inapezeka imodzi, yopindika, yowawa. Tomato, atamufufuza mpaka kumwamba atakwera pa mpando, anapereka zipatso ziwiri zobiriwira. Zonsezi pamodzi sizinaphimbe pansi pa beseni. Koma tsabola, eee, tsabola yekha ndiye anasangalala ndi ulendowu. Mitengo yonse isanu ndi umodzi inali psuu, yolemera mpaka kuwerama. A Sunthani anayang'ana beseni, anayang'ana tsabola, anayang'ana minti, ndipo anachita zomwe kondakita aliyense amachita mipando ikatsala: anadzaza ndi omwe analipo.

Anaphika okha, atatseka chitseko cha khitchini. Namwino, yemwe fungo lokha linamutulutsa panja akutsokomola, anadya buledi ndi tiyi. Amuna atatu anakhala patebulo. Mwana wamwamuna, munthu wa mimba yake ndi wotchi yonyezimira, anatapa sipuni yodzaza kuti asangalatse bambo ake, anatafuna kawiri, n'kusiya. Maso anafiira, mphuno inayamba kuchucha, thukuta linatsika mpaka m'kolala. Anafuna kulankhula koma munatuluka mpweya wokha, wonunkhira minti. Anamwa madzi a m'jagi onse, anamwa a m'kapu ya mlamu wake, anathamangira kumpopi. Mkamwini anadya pang'onopang'ono, sipuni ndi sipuni, misozi ikugwera m'mbale, nkhope osasintha, mpaka anamaliza. Anaika sipuni pambali pa mbale, anasiya kampata, n'kunena kuti zikomo bambo, zakupsa bwino. Mawuwo anatuluka aang'ono ngati a mwana.

A Sunthani nawo anadya, chifukwa wophika sathawa. Atatha anatuluka kukakhala kuseri, pa mpando womwe anakwerapo m'mawa uja, kuti mphepo iwapite m'kamwa. Bedi linawabisa, poti linali litasanduka nkhalango, ndipo windo la khitchini linali lotsegula. Ana awo awiri ankatsuka mbale. Wamwamuna, mawu atasasa, ankanena kuti iye ndi mkazi wake akambirana, mwana akabadwa atha kuwatenga bambo, kuli kachipinda kosungiramo katundu komwe angakonze. Anati taona wekha mlongo wanga, munthu wamkulu ngati ameneyu ndi ntchito, iwe ukhala ndi khanda, sungasamale ana awiri. Anaseka pang'ono. A Sunthani anadikira kuti mwana wawo wamkazi akane. Anamva madzi akutuluka pampopi, mbale ikugunda inzake. Kenako namwino anati sakudziwa, watopa, aganiza.

Sanamukwiyire. Anali ataona miyendo yake. Chinawapweteka n'chakuti mwana wamwamuna uja sananame, ndipo iwo analibe choti n'kuonetsa, ngakhale karoti mmodzi wowongoka.

M'mawa mwake, onse atapita kuntchito ndipo mlendo atanyamuka ndi botolo la madzi m'manja, a Sunthani anavula jekete n'kuima pamaso pa bedi. Anayamba ndi dzungu. Analiuza kuti achimwene, mathero ndi pano, n'kulizula. Linatuluka ndi chingwe chake chonse, mapegi a zovala ali lendelende. Anatsitsa nyemba, anatsitsa nkhaka, anapepesa kwa letesi yemwe anali atafa kale osauza munthu. Tsabola anasiya mtengo umodzi, enawo anawauza kuti asadandaule, alibe mlandu, kungoti achuluka. Minti sanamupepese. Anamukumba ndi foloko yakukhitchini, muzu ndi muzu, akumutchula mayina omwe sitingawalembe pano. Pa bilinganya lija anaima nthawi yaitali. Analizula mofatsa ndi dothi lake, analiika m'chitini cha penti, n'kulikhazika pakhonde pomwe pamafika dzuwa.

Pofika masana m'bedi munatsala tomato awiri odulidwa misinkhu, tsabola mmodzi ndi kamzere ka anyezi. Kwina konse kunali dothi lakuda, lopanda kanthu. Anaona momwe otsalawo anaimira momasuka, mphepo ikudutsa pakati pawo, ndipo anamvetsa zomwe mayi wa chipewa ankanena. Anamvetsanso zina zomwe mayiyo sananene. Kuti kanthu kakang'ono kakule pamafunika wina achoke, ndipo wochokayo sikuti amakhala wolakwa. Anakhala pa mpando, manja ali dothi lokhalokha, n'kuyamba kuganiza za chikwama chawo, ngati zipi yake ikugwirabe. Anatsimikiza kuti madzulo anena okha, asanauzidwe, kuti mwana wawo asavutike kufunafuna mawu. Anayeserera kangapo chamumtima.

Mkamwini ndiye anayamba kufika, dzuwa lisanalowe, simenti ili m'tsitsi, atanyamula kathumba konyowa. Anaima pakona ya nyumba n'kuyang'ana mulu wa zozulidwa, kenako bedi, kenako apongozi ake. A Sunthani anaimirira, anakonza kukhosi, n'kuyamba kuti bambo, pali nkhani, ndaganiza ndithu, ndipo ndaona kuti m'nyumba muno...

Mkamwini anali atagwada kale n'kumasula kathumba kaja. Munali mizu, yotuwa, yamiyendo yambirimbiri ngati akangaude akuluakulu, zinthu zonyansa zomwe munthu sangatole pamsewu. Anaziyala pathabwa imodziimodzi. Anati wadzera kunazale, ndipo mayi wa chipewa poyamba anakana kumugulitsa atamva komwe zikupita. Anati ameneyu ndi katsitsumzukwa, mphukira zake zimadyedwa, ndipo iye anazilawapo kamodzi kunyumba ina komwe ankayala matailosi. Kwa munthu ameneyu amenewa anali mawu a mwezi wathunthu, koma sanalekere pomwepo.

"Chaka choyamba sadula. Chachiwirinso sadula, amangothirira ndi kupalira. Kudya ndi chaka chachitatu. Akadzalidwa sasamutsidwa, ndipo akuti amafuna munthu mmodzi yemweyo womuyang'anira tsiku ndi tsiku. Ine ndimachoka m'mamawa. Mwana wanu sasiyanitsa mbewu ndi udzu."

A Sunthani anayang'ana mizu ija. Anawerenga zakazo chamumtima, anawerenganso, kuopa kuti mwina tsabola wadzulo wawasokoneza mutu. Anafunsa ngati mwana wawo akudziwa za zimenezi.

"Ndamuimbira masana. Analira, kenako anati ndigule yambiri. Ndagula isanu."

Kenako mkamwini anawonjezera, akuyang'ana khoma monga mwa masiku onse, kuti dzulo pokambirana zija iye sanafunsidwe, koma m'nyumba muno amakhalamonso.

A Sunthani anafuna kuthokoza ndi manja awiri, anafuna kunena zambiri, za bokosi la zida lija, za mbale yomwe munthuyu anamaliza dzulo. M'malo mwake anatola muzu umodzi, anautembenuza uku, anautembenuza uko. Miyendo inali mbali zonse. Anapukuta m'maso ndi mkono, n'kufunsa kuti kodi chinthuchi kumutu kwake ndi kuti, mbali iti iyang'ane kumwamba.

Mkamwini anautenga, anauyang'anitsitsa pafupi, anautembenuza nayenso, anauika pathabwa n'kuuonera chapatali. Kenako anaubweza m'manja mwa apongozi ake.

"Sindikudziwa, bambo. Dzalani momwe mukuonera. Mudzandiuza chaka chamawa."